Khofi wa jelo akamatuluka madzimadzi, wowawa kapena wamibulu

Okutobala akafika kuno ku Tete thupi limakana chilichonse chotentha. Pofika 9 koloko m'mawa malata amakhala ayamba kale kuthetheka, masana kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo kamphepo kochokera ku Zambezi kamafika ngati kadzera pa mbaula. Ine ndinakulira ku Ulongwe, ku Angónia, kumene mu Juni munthu umafumbata kapu ndi manja awiri kuti zala zitsitsimuke. Nditasamukira ku Matundo chizolowezi cha khofi sindinachisiye, koma kumwa wotentha thukuta lili kamukamu kunandikanika. Ndiye ndinayamba kumuthira jelo, amene abale athu a ku Malawi amati ayisi.

Miyezi yoyambirira ndinataya khofi wambiri. Tsiku lina alamu anga atabwera kudzagulitsa mbatatesi mumzinda muno ndinawapangira tambula imodzi, ya sinamoni, ndikudzitama. Analawa kamodzi, n'kuyang'ana m'tambulamo kwa nthawi, kenako anati, "Mlamu, kodi awa ndi madzi amene mwatsukira kapu?" Sindinayankhe, chifukwa sananame. Pansi panali phiri la shuga, pamwamba pakuyandama fumbi la sinamoni, pakati pali madzi ofiirira opanda dzina.

Zolakwika zonsezo zinkachokera pamalo amodzi: ndinkapangira zinthu zonse m'tambula nthawi imodzi, zotentha ndi zozizira pamodzi. Shuga, koko, mkaka waufa ndi zokometsera zimafuna moto kuti zilowerere. Jelo amafuna kupeza zinthu zitazizira kale. Mukazikumaniza m'tambula, chilichonse chimawononga chinzake.

Khofi akutuluka madzimadzi

Ili ndiye dandaulo lalikulu, ndipo anthu ambiri amalithetsa molakwika, pochepetsa jelo. Mapeto ake amamwa khofi wofunda komanso wosukuluka, kuluza pawiri.

Chimene chimachitika ndi ichi. Jelo saziziritsa chakumwa pongokhalamo, amaziziritsa posungunuka. Kuti galamu imodzi ya jelo isungunuke imayamwa kutentha kokwanira kutenthetsa galamu imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pafupifupi pa 80. Khofi wongophulidwa kumene amakhala cha pamenepo kapena kupitirira. Ndiye mukathira kapu ya mamililita 200 ya khofi wotentha pa jelo, jelo wokwana pafupifupi magalamu 200 amasanduka madzi khofiyo asanazizire. Mwayamba ndi kapu imodzi, mwatsala ndi makapu awiri a theka khofi theka madzi, musanathire ndi mkaka womwe. Ndipo apa sitinawerengere dzuwa la ku Tete, limene likusungunula jeloyo kuchokera kunja kwa tambula.

Njira zake zilipo zingapo, ndipo zimadalira kuti muli ndi nthawi yochuluka bwanji. Ngati mukufulumira, pangani khofi wamphamvu kawiri: ufa womwe uja, madzi theka. Pa khofi wa m'chitini, wosungunuka uja, masipuni awiri aang'ono asungunuleni m'madzi otentha ongokwana masipuni aakulu atatu kapena anayi, kenako onjezerani madzi kapena mkaka wa m'firiji, jelo abwere pomaliza. Madzi otentha ochepa choterowo alibe mphamvu yosungunula jelo wambiri.

Ngati nthawi ilipo, pangani khofi usiku. Mphika kapena jagi wake muukhazike m'beseni la madzi ozizira mpaka asiye kutentha, kenako thirani m'botolo lotseka n'kuika m'firiji. Musaike ali nthunzi tolotolo, chifukwa amatenthetsa zakudya zina ndipo firiji yanu, imene ikulimbana kale ndi kutentha kwa m'nyumba, imadya magetsi ambiri.

Chimene ine ndimachikonda kuposa zonse ndi jelo wa khofi. Khofi wotsala m'mawa musataye. Thirani m'kathireyi ka jelo kapena m'timapepala tapulasitiki, ngati mmene amamangira mafirizesi, muumitse. Jelo ameneyu akamasungunuka akuwonjezera khofi m'malo mwa madzi, moti dontho lomaliza limakoma ngati loyamba. Asakhale ndi mkaka, akhale khofi yekha.

Kukula kwa jelo nakonso kuli ndi gawo. Wophwanyaphwanya amatha msanga chifukwa mbali zake zambiri zikukhudzana ndi chakumwa. Chibuma chimodzi chachikulu chimapirira. Amene mumagula jelo wa m'mapepala kwa aneba, musamuswe ndi munsi mpaka kukhala mchenga. Mumenyeni kamodzi kapena kawiri basi, atuluke zidutswa zitatu kapena zinayi. Tambula nayo muiike m'firiji mphindi 10 musanaigwiritse ntchito, chifukwa tambula imene yakhala pashelefu m'khitchini ya malata imakhala yotentha ngati yochoka m'manja mwa munthu wamalungo.

Pali chinanso chimene anthu sachiganizira. Zitini zina zimene timangoti khofi, monga Ricoffy, ndi zosakaniza khofi ndi chikore, muzu wa chomera china wokazinga n'kupera, ndipo zimalembedwa poyera pachitinipo. Ndi zakumwa zofewa mwadala, zimakoma zotentha ndi mkaka. Pa jelo zimafuna muwonjezere sipuni, apo ayi zimabisala kuseri kwa mkakawo.

Shuga wakhala pansi, zokometsera zikuyandama

M'madzi ozizira shuga amasungunuka pang'onopang'ono kwambiri, makamaka wofiira wa njere zikuluzikulu amene ambirife timagula. Mumatakasa, jelo akugundana ndi sipuni, mukalawa sakutsekemera, mumawonjezera, ndipo pomaliza mumakumana naye yense pansi ngati mchenga wa m'Revúbuè. Lilime nalonso silimva kutsekemera bwino chinthu chikazizira kwambiri, n'chifukwa chake dzanja limathamangira kuchitini cha shuga.

Mankhwala ake ndi manyuchi a shuga. Kapu imodzi ya shuga, kapu imodzi ya madzi, pamoto wochepa, kutakasa mpaka njere zonse zitasowa. Akazizira thirani m'botolo loyera louma la chotsekera, musunge m'firiji. Sipuni yaikulu imodzi kapena ziwiri pa tambula, ndipo amalowerera nthawi yomweyo. Ine ndimapanga okwana masabata awiri okha. Akayamba kuchita chimbuuzi kapena kununkha ngati thobwa logona, atayeni.

Manyuchi amenewa ndiwo galimoto yonyamula zokometsera zonse, ndipo chilichonse chili ndi khalidwe lake.

Sinamoni, amene m'misika ya kuno mukamufuna mumati canela, sasungunuka konse, chifukwa ndi khungwa la mtengo lopera. Waufa amayandama, amakanirira kukhosi, ndipo akagona m'madzi amatulutsa utomoni wonanda ngati therere. Gulani wa timitengo. Timitengo tiwiri m'manyuchi aja, tiwire pang'onopang'ono mphindi 10, muphule, musiye theka la ola titavundikiridwa, kenako chotsani. Ngati muli ndi waufa yekha, muphikeni momwemo koma musefe pa kansalu koyera kopinda kawiri, osati pa kasefa ka tiyi, amadutsa.

Vanila ndi wosiyana. Fungo lake limathawa ndi nthunzi, ndiye muthireni mphika utachoka pamoto ndipo wayamba kuzizira. Wa m'timabotolo uja ndi wamphamvu: theka la sipuni yaing'ono pa kapu ya manyuchi ndi poyambira pabwino. Mukapitirira, khofi amamveka ngati mankhwala a chifuwa a ana.

Koko amakana madzi ozizira chifukwa ufa wake uli ndi mafuta. Mukamuthira pamwamba amapanga timibulu touma mkati. Yambani mwamusakaniza ndi shuga ali wouma, donthezani madzi otentha pang'ono, pondani ndi sipuni mpaka chikhale phala losalala, kenako musungunule ndi khofi wotentha uja. Ngakhale mutachita zonsezi, koko pang'ono amakhalabe pansi pakapita mphindi zingapo. Si kulakwitsa kwanu, ndi chibadwa chake. Siyani sipuni m'tambulamo.

Karamelo ndi shuga wowotcha, ndipo apa m'pamene anthu amapsa manja. Shuga wouma m'poto wokhuthala pansi, moto wochepa, osatakasa kwambiri. Akasungunuka n'kufika mtundu wa uchi wakuda, chotsani pamoto nthawi yomweyo, chifukwa pakati pa kukoma ndi kupserera pali masekondi owerengeka. Thirani madzi otentha pang'onopang'ono mutatalikitsa nkhope, amathovoka moopsa popeza shugayo amakhala wadutsa madigiri 160. Madzi ozizira amamuumitsa kukhala mwala. Zikatero musataye mtima, bwezerani pamoto wochepa, mwalawo usungunuka. Koma akada ngati makala n'kuyamba kufuka utsi palibe chomupulumutsa, ndipo kuwawa kwake kumaposa kwa khofi.

Chiponde ndinachiyesa chifukwa mtedza kwathu ku Angónia susowa. Chimakoma, makamaka ndi koko, koma ndi sipuni sichilowerera. Chisungunuleni m'khofi wotentha, thirani m'botolo lotseka pamodzi ndi mkaka, khutchumulani mwamphamvu, mumwe nthawi yomweyo chisanalekane.

Mkaka wadula, kapena wachita mibulu

Palibe chokhumudwitsa ngati kuthira mkaka n'kuona tizidutswa toyera tikuyandama ngati chambiko. Mkaka umadula ukakumana ndi asidi wokwanira. Khofi ali ndi asidi wake pang'ono, wosakwanira kudula mkaka wabwino. Koma mkaka umene wayamba kale kusasa, ngakhale mphuno isanamve, umangofuna kukankhidwa pang'ono, ndipo khofi wotentha amaukankha. Kuno zimachitika kawirikawiri: paketi ya mkaka wokhalitsa uja ikatsegulidwa imasanduka mkaka wamba, yofunika firiji ndi kumalizidwa m'masiku ochepa. Magetsi akazima usiku wonse, m'mawa mkakawo umaoneka bwinobwino koma m'khofi umaulula. Yesani kaye: sipuni ya mkaka m'sipuni ziwiri za khofi pa sosala. Ukadula, musauthire m'tambula yonse.

Pali zokometsera ziwiri zimene zimadula ngakhale mkaka watsopano. Choyamba ndi malambe. Chigawo chino ndi cha milambe, ndipo aliyense amene amakonda phala kapena mafirizesi a malambe tsiku lina amaganiza zowathira m'khofi. Ufa wa malambe ndi wowawasa kwambiri, mkaka ukaugwira umalimba pomwepo. M'khofi wakuda wopanda mkaka, ndi manyuchi okwanira, kasipuni kakang'ono ka malambe kamapereka kukoma kwina kotsitsimula, ngakhale si aliyense amakukonda. Ndi mkaka, iwalani. Chimodzimodzi mandimu ndi masau.

Chachiwiri chinandidabwitsa: jinja wamuwisi. Sali wowawasa, koma madzi ake ali ndi mphamvu ina yachilengedwe yomwe imaundanitsa mkaka, moti ku China amapangira dala chakudya cha mkaka wolimba pogwiritsa ntchito madzi a jinja. Mphamvuyo imafa ndi moto. Choncho jinja musamukande mwachindunji m'tambula. Muduleni tizidutswa topyapyala, awire m'manyuchi mphindi 10 kapena 15, musefe. Akatero amagwirizana ndi mkaka popanda mkangano.

Mibulu ya mkaka waufa ndi nkhani ina. Nido ndi anzake amafuna madzi ofunda, osati owira ndiponso osati a m'firiji. Sungunulani pambali m'kapu, muziziritse, kenako muthire. Cremora ndi zina zoyeretsa tiyi za mtundu umenewo si mkaka weniweni, zili ndi mafuta a zomera amene amalimba akazizira. Zinapangidwira chakumwa chotentha. Mukazithira pa jelo zimayandama ngati timadontho ta kandulo n'kumamatira kumilomo. Zisungunuleni m'khofi akadali wotentha.

Kwa amene firiji yake ndi yosadalirika, mkaka wotsekemera wa m'chitini, leite condensado, ndiye bwenzi. Umabweretsa mkaka ndi shuga nthawi imodzi, sudula wamba, ndipo anthu a ku Vietnam khofi wawo wa jelo amapanga ndi umenewu. Masipuni aakulu awiri pansi pa kapu, khofi wamphamvu wotentha pamwamba, takasani mpaka mtundu ukhale umodzi, kenako thirani pa jelo. Musawonjezerenso manyuchi otsekemera musanalawe.

Akuwawa, kapena akumveka wogona

Khofi wopera akawiritsidwa pamoto ngati tiyi wa pamaliro amatulutsa kuwawa konse kumene ali nako. Wotentha mumatha kupirira, wozizira kuwawako kumaima pakhosi. Madzi akawira achotseni pamoto, dikirani theka la mphindi, thirani pa ufa, musiye mphindi 4, sefani. Musamusiye atakhala ndi nsenga zake, ndipo musamusunge m'fulasiki tsiku lonse kuti mudzamuziziritse madzulo. Khofi wokhalitsa pa kutentha amasasa n'kuyamba kumveka ngati chitsulo.

Ngati wawawa kale, kamchere kotsina ndi nsonga za zala ziwiri kamaphimba kuwawako kuposa mmene shuga angachitire. Kochepa kwambiri, koti musakamve.

Njira imene inandichotsera vutoli ndi yoviika m'madzi ozizira. Imafuna khofi wa njere kapena wopera mokhakhala, monga wa ku phiri la Gorongosa ku Sofala, kapena wa ku Mzuzu amene apaulendo amabwera naye podzera pa Zóbuè kapena Calómuè. Wa m'chitini wosungunuka safuna zimenezi. Ngati ndi njere, sinjani mumtondo woyera, wosanunkha adyo kapena tsabola, zifike ngati mitama, osati ngati ufa woyera. Kapu imodzi ya khofi, makapu anayi a madzi akumwa, m'botolo lotseka, maola 12 mpaka 18. Sefani pa kasefa, kenako pa kansalu. Amatuluka wofewa, wosawawa kwenikweni, komanso wamphamvu moti amafuna kusungunulidwa ndi madzi kapena mkaka wofanana naye muyeso.

Anthu a m'mayiko ozizira amangosiya botololo patebulo usiku wonse. Ku Ulongwe mu Julayi mukhoza kutero. Mumzinda wa Tete, ku Moatize kapena ku Changara, kumene ngakhale usiku khoma limakhala lotentha, liikeni m'firiji. Madzi ofunda osawiritsa atakhala maola ochuluka chotero ndi munda wa tizilombo. Akatuluka wosalowerera, ndiye kuti nthawi inachepa kapena njere zinakula kwambiri. Akatuluka wamatope, munasinja mopitirira.

Jelo akununkha nsomba

Musaseke, zimachitika m'nyumba zambiri. Firiji imodzi yomweyo ikusunga pende wa ku Cahora Bassa, kapenta, nyama ya mbuzi ndi anyezi wodula, ndipo jelo wosavundikira amayamwa fungo lonselo. M'madzi akumwa mwina simungazindikire, koma m'khofi wa vanila limatulukira poyera. Jelo akauma muchotseni m'thireyi, mumuike m'kontena yotseka kapena m'pepala lomanga bwino. Nsomba nazo zimangidwe. Thireyi yapulasitiki imene yagwira kale fungo iviikeni m'madzi a soda wophikira usiku umodzi. Kambale ka makala ouma pakona ya firiji kamathandizanso kuyamwa fungo.

Fungo lina ndi la mankhwala a m'madzi. Amene timathira Certeza, mankhwala otetezera madzi akumwa aja, tikuchita bwino, ndipo musasiye chifukwa cha khofi. Ngati fungo la klorini likukusokonezani, madzi a jelo ndi a khofi muziwawiritsa mphindi imodzi akubwadamuka, muwaziziritse atavundikiridwa. Amakhala otetezeka ndipo fungolo limachepa.

Apa pali nkhani yoposa kukoma. Kuumitsa madzi sikupha tizilombo ta kolera kapena ta matenda ena otsegula m'mimba. Timangogona, jelo akasungunuka timadzuka. Chigawo chathu chinaona kolera mu 2015 ndiponso mu 2023, sitikufunika kuuzidwa ndi munthu. Jelo wa zibuma zikuluzikulu wogulitsidwa kuti aziziritse nsomba kapena mabotolo m'kolimani, bokosi losungiramo zinthu zozizira lija, si wothira m'tambula. Wa kwa aneba, funsani mwaulemu kuti madzi ake ndi otani. "Amayi, kodi madziwa munawiritsa?" si chipongwe. Ngati simukutsimikiza, ikani botolo la khofi wanu pakati pa jeloyo m'kolimani, lizizire kuchokera kunja, jelo asalowe mkati.

Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, ndipo m'nyengo yotentha ino musayembekezere kuti ifika pamenepo. Khofi wakuda ndi manyuchi zimapirirako. Chilichonse chimene chili ndi mkaka n'chimene chimayamba kuwonongeka, n'chifukwa chake mkaka ndimauthira pa nthawi yakumwa, sindisunga khofi wosakaniza kale. Tambula ya khofi wamkaka imene yakhala patebulo kupitirira ola limodzi pa kutentha kwa masana, itayeni. Jelo amene anasungunuka n'kuumanso pamodzi ndi madzi otuluka m'nyama, nayenso atayidwe.

Tambula yasweka

Galasi lozizira likalandira khofi wowira limatha kung'aluka pomwepo. Sakanizirani zotentha m'kapu yadongo kapena yachitsulo, galasi lilandire zozizira zokha.

Mtima ukuthamanga, tulo sitikubwera

Khofi wotentha amakukakamizani kumwa pang'onopang'ono. Wozizira, wotsekemera, pa ludzu la masana, amatsika ngati madzi, ndipo matambula atatu amatha musanawerenge. Kumbukirani kuti munamupanga wamphamvu kawiri, ndipo ngati jelo wake ndi wa khofi, nayenso akuwerengedwa. Akatswiri a zaumoyo amaika malire a munthu wamkulu wathanzi pa mamiligalamu 400 a kafeini patsiku, ndipo mayi woyembekezera pa 200. Kapu wamba ya khofi wopera imakhala ndi pafupifupi 100. Kafeini amachedwa kutuluka m'thupi: pakapita maola 5 theka lake limakhala likadalimo mwa anthu ambiri. Tambula ya 4 koloko madzulo ndi imene imakugonekani maso ali gwa pakati pa usiku, mukuimba mlandu udzudzu ndi kutentha.

Ine yanga yomaliza ndimamwa isanakwane 2 koloko, ndipo ludzu lenileni ndimayamba ndalithetsa ndi madzi. Ana akalirira, ndimawapangira mkaka wozizira wa koko ndi manyuchi a sinamoni m'tambula yofanana ndi yanga, khofi osathiramo.